Haidrojeni wa mu mpweya wathu: sensa yoyenera ndi iti?

Mnyamata wina wophunzira zamagetsi ku MUBAS anandipeza tsiku lina ali ndi kabokosi m'manja. Munali Arduino Uno (kabodi kakang'ono ka kompyuta kowerengera masensa), kasikirini kakang'ono, ndi sensa ya MQ-8 yolumikizidwa ndi mawaya atatu. Ankafuna kudziwa ngati mkaka ndiwo umamutupitsa m'mimba. Anali atawerenga kuti madokotala amayeza zimenezi poona haidrojeni mu mpweya umene munthu akutulutsa, ndipo atasaka sensa ya haidrojeni yotchipa, dzina loyamba kutuluka linali MQ-8. Anauzira mpweya, nambala inalumpha, iye n'kumwetulira. Ndinamuuza kuti andipatse ndiuzireko ine, amene sabata yonseyo mkaka ndinali ndisanaulawe. Nambala inalumpha chimodzimodzi. Kenako tinasendeza kansalu konyowa ndi madzi ofunda pafupi ndi sensayo, nambala n'kusunthanso. Kumwetulira kuja kunathera pomwepo.

Sensayo sinali yowonongeka. Tinangoituma ntchito imene si yake. Kuti zimenezi zimveke, tiyambe ndi kumene haidrojeniyo amachokera ndi kuchuluka kwake, chifukwa ndi zimenezo zimene zimasankha sensa, osati dzina lolembedwa pa paketi.

Maselo a thupi la munthu sapanga haidrojeni ngakhale pang'ono. Amene amapanga ndi mabakiteriya a m'matumbo, makamaka matumbo aakulu, akapeza chakudya chimene matumbo aang'ono alephera kugaya ndi kuyamwa. Nyemba, nandolo ndi khobwe zili ndi mitundu ya shuga monga raffinose ndi stachyose imene palibe munthu ali ndi chogayira chake, n'chifukwa chake nyemba zili ndi mbiri ija tonse timaidziwa. Mkaka nkhani yake ndi ina. Uli ndi shuga wotchedwa lactose, amene amagayika ndi enzyme yotchedwa lactase. Mwana woyamwa amakhala nayo yambiri, koma kwa anthu ambiri padziko lapansi, kuphatikizapo ambiri a kuno kwathu, imanka ichepa akamakula. Lactose wosagayikayo akafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya amachita naye phwando ndipo mimba imadzaza mpweya. Wina umatulukira kumene umatulukira. Koma gawo lina la haidrojeni limalowa m'magazi, kufika m'mapapo, n'kutuluka popuma. Dokotala wa ku America, Michael Levitt, anasonyeza bwino zimenezi mu 1969, ndipo kuyeza kwa masiku ano kunaphukira pamenepo. Mwina munaonapo munthu amene mkaka wongokamidwa kumene umamuvuta koma chambiko amamwa bwinobwino: m'chambiko mabakiteriya amakhala atayamba kale kudya lactose mkakawo usanafike m'mimba.

Tsopano kuchuluka kwake. Mpweya woterewu umawerengedwa mu ppm, kutanthauza gawo limodzi pa magawo 1,000,000. Mukatenga tanki ya malita 1,000 yopanda madzi, n'kuthiramo mililita imodzi yokha ya haidrojeni, imeneyo ndiye 1 ppm. Mpweya wa panja uli ndi pafupifupi 0.5 ppm. Munthu amene wagona ndi njala usiku wonse nthawi zambiri amatulutsa wosafika 10 ppm. Malangizo amene akatswiri a ku North America anagwirizana mu 2017 amati munthu amwe magalamu 25 a lactose, ndipo haidrojeni akakwera ndi 20 ppm kapena kuposa kuchokera pamene anayambira, ndiye kuti lactose sakugayika. 20 ppm ndi timasupuni tinayi ta tiyi m'tanki ija ya malita 1,000. Chimene tikusaka n'chimenecho: kusiyanitsa 5 ndi 25.

Datasheet ya MQ-8, chikalata cha wopanga chofotokoza mmene sensayo imagwirira ntchito, imayambira pa 100 ppm. Apa nkhani yatha kale. Zili ngati kupita ndi mphete yagolide pa sikelo ya ogula chimanga: muvi ukhoza kugwedezeka, koma palibe chanzeru mungawerengepo.

Nanga n'chifukwa chiyani inalumpha titauzira? Mkati mwa MQ-8 muli kachubu ka seramiki kokutidwa ndi tin dioxide, ndipo m'kachubumo muli kawaya kamene kamatenthetsa mpaka madigiri mazana angapo. Pa kutentha kumeneko okosijeni wa mu mpweya amamatira pa tin dioxide n'kugwira ma electron, magetsi n'kumadutsa movutikira, resistance n'kukwera. Kukabwera mpweya wotha kuyaka, umalanda okosijeniyo, ma electron amamasuka, resistance imatsika. Vuto lake ndi lakuti sensayo siidziwa amene walanda okosijeni. Imangodziwa kuti walandidwa. Haidrojeni amalanda, mowa umalanda, carbon monoxide amalanda, gasi wophikira amalanda. Nthunzi ya madzi nayo imatsitsa resistance. Ndiye taganizani za mpweya wotuluka m'kamwa: ndi wofunda, pafupifupi madigiri 34, wodzaza chinyezi mpaka pakamwa, okosijeni watsika kuchoka pa 21 peresenti kufika cha m'ma 16, carbon dioxide wakwera kufika 4 kapena 5 peresenti, komanso muli acetone pang'ono amene amachuluka munthu akakhala ndi njala. Kuwonjezera apo, kuuzira kwenikweniko kumaziziritsa sensa. Zinthu zonsezi zikukankha nambala nthawi imodzi, haidrojeni wa 10 ppm uja ali pakati pawo ngati munthu wonong'ona mumsika wa Limbe.

Pali chinanso chimene chimanyenga ambiri. Pa intaneti pali makodi a Arduino amene amasandutsa volteji ya MQ-8 kukhala ppm, ndipo amatha kukulemberani 7.43 ppm, ndi madesimo omwe. Makodiwa amangotenga mzere wa pa girafu ya datasheet n'kuutalikitsa kupita kumunsi kumene wopanga sanayezeko. Nambalayo imaoneka yaulemu, koma ndi yongopeka.

Masensa ena awiri tingowadutsa. Pellistor, imene imawotcha gasi pa kamkanda kotentha, anaipangira kuchenjeza za kuphulika, ndipo haidrojeni amayamba kuyaka akafika 4 peresenti mu mpweya, amene ndi 40,000 ppm. Sensa ya thermal conductivity, imene imayeza mmene mpweya umachotsera kutentha, nayo imagwira bwino pa maperesenti, ndipo carbon dioxide ndi nthunzi za mu mpweya wathu zimaisokoneza kuposa mmene haidrojeni wochepayo angachitire. Zonse ziwiri si zathu.

Otsala ndi magulu awiri: masensa a metal oxide (otenthetsa, a mtundu womwewo wa MQ-8) opangidwira milingo yotsika, ndi masensa a electrochemical.

M'gulu loyamba dzina lodziwika ndi Figaro ya ku Japan, imene masensa ake amayamba ndi zilembo TGS potengera Naoyoshi Taguchi, amene anayambitsa masensa amtunduwu m'zaka za m'ma 1960. TGS2600 anaipangira kununkhiza mpweya woipa m'nyumba, ndipo datasheet yake imati imamva haidrojeni kuyambira 1 mpaka 30 ppm. Apa ndiye tafika m'dera lathu. Imadyanso magetsi ochepa, 210 mW, pamene MQ-8 imakoka pafupifupi 150 mA pa mavoti 5. Koma khalidwe la mtundu wake silinachoke: mowa imaumva, carbon monoxide imamumva, chinyezi chimaisuntha, ndipo munthu amene mkaka umamuvutadi akhoza kupitirira 30 ppm mosavuta. Ina ndi SGP30 ya Sensirion ya ku Switzerland, kachip kolankhula ndi Arduino kudzera pa mawaya a I2C kamene kamapereka manambala awiri osakonzedwa, ina ya haidrojeni ina ya ethanol, ndipo kamalola kuti mukauze chinyezi chimene sensa ina monga SHT31 yayeza kuti kadzikonze. Ngati mwasankha imeneyi, werengani manambala osakonzedwawo. Nambala ya eCO2 imene imatulukanso si carbon dioxide weniweni, ndi chiyerekezo chochokera pa haidrojeni yemweyo, ndipo pulogalamu ya mkati mwake imangosunthasuntha poyambira chifukwa anailembera chipinda, osati pakamwa pa munthu.

Masensa otenthetsawa ali ndi vuto limene ife a ku Blantyre timalimva kuposa olemba ma datasheet. Amafuna kukhala oyaka nthawi yaitali asanakhazikike. MQ-8 imafuna maola osachepera 24 koyamba, ndipo manambala a mu datasheet ya TGS2600 anayezedwa sensa itayaka masiku 7. Magetsi akathima pakati pa usiku, sensa imazizira, imayamwa chinyezi, ndipo akabwera imayamba ndi nambala zachilendo. Choncho muipatse batire yakeyake kapena power bank imene sizima yokha katundu akachepa. Musaidyetse kuchokera pa USB ya laputopu pamodzi ndi Arduino, chifukwa mavoti 5 akagwa pang'ono, kutentha kwa sensa kumasintha, muyezo wa ADC (kagawo kosandutsa volteji kukhala nambala) umasinthanso, inu n'kumati ndi nyemba zadzulo. Nyengo nayo ili ndi mawu: nambala ya mpweya woyera imene mwalemba mu October kukutentha kouma siifanana ndi ya mu January mvula ili pakati, kapena ya mu July chiperoni chitakuta Soche ndi Ndirande.

Sindikunena kuti gulu limeneli n'lachabe. Kachipangizo kogulitsidwa kotchedwa AIRE ka kampani ya FoodMarble ya ku Dublin n'kakang'ono kolowa m'thumba ndipo kamasonyeza kuti kuyeza kunyumba n'kotheka, koma onani kuti iko kamapereka sikelo ya 0 mpaka 10 m'malo mwa ppm. Inunso ndi TGS2600 kapena SGP30 mungathe kuona ngati mzere ukukwera kapena ayi. Kulumbira kuti ndi 23 ppm, ayi.

Ngati thumba likulola, ine ndimasankha electrochemical, ndipo ndi imene ili m'zipangizo za m'manja za kuchipatala monga Gastrolyzer ya Bedfont ya ku England, imene imawerenga 0 mpaka 500 ppm. Sensa imeneyi ili ngati kabatire kakang'ono. Muli asidi pang'ono ndi ma electrode (timbale todutsitsa magetsi) atatu. Haidrojeni akalowa pa kabowo n'kufika pa electrode yoyamba, molekyulu iliyonse imasiya ma electron awiri, ndipo magetsi otulukawo amakwera molingana ndi kuchuluka kwa gasi. Gasi akawirikiza kawiri, magetsi amawirikiza kawiri. Mzere wake ndi wowongoka, kotero mfundo ziwiri kapena zitatu zimakwana kuikonza. Ilibe chotenthetsa, choncho kuthima kwa magetsi sikuikhudza ikakhala pa batire. Opanga odziwika ndi monga City Technology, Alphasense ndi Membrapor. Posankha, yang'anani ya mulingo wotsikitsitsa umene mungapeze, monga 0 mpaka 1,000 ppm, ndipo muone kuti kusintha kochepetsetsa kumene imatha kuona ndi ma ppm angati. Ya 0 mpaka 40,000 ppm ndi ya alonda a m'fakitale, isiyeni.

Mtengo wake si ndalama zokha. Magetsi amene imatulutsa ndi ochepa zedi, ma nanoampere makumi ochepa pa ppm imodzi, kotero pa 20 ppm simufika ngakhale microampere imodzi. Simungailumikize pa pini ya A0 ya Arduino basi. Imafuna dera lamagetsi lotchedwa potentiostat, limene mungamange ndi ma op-amp (timachip tokulitsa magetsi) abwino kapena kugula kachip ka LMP91000 ka Texas Instruments. Pambuyo pake ikani ADC yapadera yotchedwa ADS1115 ya 16 bit, chifukwa ADC ya Uno ili ndi masitepe 1,024 okha, pafupifupi 4.9 mV sitepe iliyonse, ndipo ya ESP32, kabodi kena konga Arduino, siwongoka kumapeto. Musawotcherere mawaya pa mapini a sensayo, kutentha kumaononga chotsekera asidi, gwiritsani soketi. Imakhala moyo zaka ziwiri kapena kuzungulira pamenepo, ndipo imakalamba ngakhale ili m'kabati, ndiye poitanitsa kunja funsani tsiku limene inapangidwa. Imachedwanso kuyankha, masekondi makumi angapo, zimene zikutanthauza kuti mpweya uyenera kukhala pa sensa mpaka nambala itaima.

Ndiye pali mbaula. Ichi ndicho chimene sindinachionepo chikutchulidwa mokwanira, pamene kuno n'chachikulu. Electrode imene imadya haidrojeni imadyanso carbon monoxide, ndipo masensa ambiri a haidrojeni amamumva ndithu. Kumene anthu amaphika ndi magetsi amangochenjeza osuta fodya. Koma m'makomo ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa mumaphikidwa ndi makala, ndipo mu June ndi July ena amalowetsa mbaula m'nyumba kuti awothe, zimene pazokha n'zoopsa. Carbon monoxide akalowa m'magazi satuluka msanga: pamatenga maola anayi kapena asanu kuti achepe ndi theka. Mayi amene wawiritsa madzi a tiyi pa mbaula m'khitchini yotseka m'mawa, akauzira pa sensa yanu, ma ppm ena amene mukuwerenga ndi a makala. Tsegulani datasheet pa tebulo la cross sensitivity, losonyeza mipweya ina imene sensayo imamva, muone peresenti ya carbon monoxide musanalipire. Njira yamphamvu ndi kuika sensa yachiwiri ya carbon monoxide pambali, koma dziwani kuti nayonso imamva haidrojeni, ndiye mudzakhala ndi ma equation awiri ndi zosadziwika ziwiri, masamu a Fomu 2. Njira yotchipa ndi kukumbukira kuti tikuyeza kukwera, osati nambala yokhayokha: woyezedwayo atalikirane ndi mbaula ndi fodya kuyambira usiku mpaka kuyeza kutatha. Mowa chimodzimodzi, kaya ndi wa m'botolo kaya kachasu. Ngakhale sanitaiza wa m'manja amatha kuzunguza sensa ya metal oxide kwa mphindi zingapo.

Sensa yabwino ikapatsidwa mpweya wolakwika imanama mokhulupirika. Mamililita pafupifupi 150 oyamba amene munthu amatulutsa ndi mpweya umene unangoima m'kamwa ndi m'khosi, sunafike kumene magazi amasinthana ndi mpweya. Wofunika ndi wakumapeto. Munthu apume mwachizolowezi, agwire mpweya masekondi 15, atulutse pang'onopang'ono, ndipo inu mutenge gawo lomaliza. Musauzire mwachindunji pa sensa. Kokerani mpweyawo mu sirinji ya 60 ml ya ku famase, kenako muukankhe mofatsa kudzera m'kachubu kodzaza silica gel, timikanda tija timabwera m'mabokosi a nsapato, titaumitsidwa kaye pa moto wochepa. Tikatero chinyezi chimatsalira, haidrojeni amadutsa. Mukawonjezera activated charcoal, makala okonzedwa mwapadera kuti aziyamwa zinthu, mowa ndi acetone zambiri zimagwidwa, koma carbon monoxide amadutsabe, ndipo makala a pa mbaula salowa m'malo mwake. Kachipinda ka sensa kakhale kakang'ono kuti 60 ml ikatsuke konse. Baluni ya labala musasungiremo mpweya, haidrojeni ndi kamolekyulu kochepetsetsa ndipo kamathawa. Thumba lokutidwa ndi foyilo limasunga bwino. Makina akuluakulu a kuchipatala monga a kampani ya QuinTron amayezanso carbon dioxide kuti adziwe ngati mpweyawo wachokeradi pansi pa mapapo. Mukafuna kutengera zimenezo, samalani: masensa otchipa a carbon dioxide ambiri amalekera pa 5,000 ppm, pamene mpweya wa m'mapapo uli cha pa 40,000 mpaka 50,000.

Aliyense akhale ndi kapaipi kake kouzirira, ndipo pasakhale wokoka mpweya kuchokera m'chipangizocho. TB ndi chimfine sizifunsa kuti iyi ndi projekiti ya sukulu.

Chatsala ndi funso limene limagwetsa ambiri: mudziwa bwanji kuti 20 wanuyo ndi 20? Silinda ya gasi woyezera ndi yodula ndipo kuibweretsa pa ndege n'kovuta. Koma chigubu cha malita 20 chilipo paliponse. Mililita imodzi ya haidrojeni m'malita 20 ndi 50 ppm ndendende. Mamililita 0.4 ndi 20 ppm, mamililita awiri ndi 100 ppm. Sirinji ya 1 ml imakwanitsa zimenezi. Haidrojeniyo mumupange ndi batire, madzi osungunuliramo soda wophikira, ndi timitengo tiwiri ta graphite. Thovu lotuluka ku waya wa negativi ndilo haidrojeni, mulikole m'kabotolo kozondotsa kodzaza madzi. Mchere musathiremo, umatulutsa chlorine. Pangani mamililita ochepa okha, panja, kutali ndi moto. Chigubucho chikhale chouma, chosasungirapo petulo, palafini kapena mafuta, ndipo muchiyeze ndi madzi kaye chifukwa zambiri zimalowa kuposa malita 20. Ponyanimo zitsekero za mabotolo zingapo kuti pogwedeza mpweya usakanikirane. Kuyezaku kuchitikire kwanu komweko: Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000, mpweya wake ndi wopepukirapo kuposa wa kumene ma datasheet ambiri amalembedwera.

Amene akufuna kuchita mwaukatswiri atenge mpweya wake womwe wa m'mawa asanadye, augawe m'matumba awiri ofanana, limodzi awonjezeremo haidrojeni wodziwika kuchuluka. Kusiyana kwa matumba awiriwo kukuuzani mmene sensa imamvera haidrojeni ali pakati pa anzake onse aja, okosijeni wochepa ndi carbon dioxide wambiri, zimene chigubu cha mpweya wa panja sichingakuuzeni.

Poyesa mkaka, dzulo lake madzulo mudye mpunga woyera ndi dzira kapena nkhuku, popanda nyemba, kabichi, anyezi kapena mkaka. Mukhale maola 8 mpaka 12 osadya, madzi okha. Tsukani m'kamwa, poti mabakiteriya a m'kamwa nawo amapanga haidrojeni wawo. Yezani poyambira kawiri kapena katatu, imwani theka la lita ya mkaka, imene ili ndi lactose pafupifupi magalamu 25, kenako muziyeza mphindi 15 mpaka 30 zilizonse kwa maola atatu, mutakhala pansi, osagona tulo, osathamanga. Ngati mwamwa ma antibiotic m'masabata anayi apitawa, dikirani. Wodwala shuga asadzigoneke ndi njala chifukwa cha projekiti asanalankhule ndi adokotala.

Mzere ukakhala wosakwera musafulumire kunena kuti mkaka ulibe mlandu. Anthu ena ali ndi tizilombo ta m'matumbo, monga Methanobrevibacter smithii, timene timadya mamolekyulu anayi a haidrojeni n'kupanga imodzi ya methane. Mwa anthu otere mimba imatupa koma haidrojeni saoneka. N'chifukwa chake makina a kuchipatala amakono amayeza zonse ziwiri, ndipo methane wa 10 ppm amawerengedwa kale kuti alipo. MQ-4, m'bale wake wa MQ-8 woyezera methane, imayambira pa ma ppm mazana, ndiye msampha ndi womwe uja. Ndipo kutupa m'mimba kumene kukubwera ndi kuwonda, magazi m'chimbudzi kapena kutsekula kosatha si nkhani ya Arduino; kumeneko n'kwa adokotala, kaya ku chipatala cha m'dera lanu kaya ku Queens.

Mnyamata uja anaitanitsa TGS2600 ndi SHT31, ya electrochemical akuti adikira ndalama zikapezeka. MQ-8 sanaitaye. Kwa amalume ake kuli mabatire a sola a lead acid m'kachipinda kopanda zenera, ndipo mabatire amenewo akamadzaza amatulutsa haidrojeni amene amakwera n'kuunjikana kudenga. Anaikhoma kumeneko pamodzi ndi kabelu.